Mafunso Anu: Ulendo wa pa Galimoto ku Dedza, Mua ndi Ntcheu

Makalata ambiri a mwezi uno afunsa za chigawo chimodzi: msewu wa M1 kuchokera ku Linthipe mpaka pa boma la Ntcheu, pamodzi ndi mtsetse wa ku Golomoti. Tawasonkhanitsa malo amodzi, ndipo amene ayankha ndi anthu odziwa misewu, misika ndi miyambo ya maboma awiriwa.

FUNSO: Ndili ndi masiku atatu a tchuthi, galimoto yaing'ono, mayi akunyumba ndi ana awiri. Ku Dedza timangodutsa popita ku Blantyre, kuima kwake n'kogula kachewere basi. Tikafuna kukaonako zenizeni, tiyambire pati? (Bambo wa ku Area 25, Lilongwe)

YANKHO: Bambo, masiku atatu akukwanirani, bola musawapanikize. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa boma la Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo panjira pali chipata cholipirira msewu pa Kalinyeke, choncho ikani ndalama zosinthasintha pafupi. Nyamukani 6 koloko m'mawa mutadzaza thanki.

Tsiku loyamba lipatseni Dedza yekha. M'mawa, dzuwa lisanakwere, pitani ku mapanga a Chongoni. Masana mukadye ndi kuona oumba ku Dedza Pottery, n'kugona pa boma. Phiri la Dedza, lomwe nsonga yake ili pa mamita 2,198, limafuna theka la tsiku palokha: maola awiri kapena atatu kukwera, ena awiri kutsika. Ngati ana ndi aang'ono, sankhani chimodzi, phiri kapena mapanga. Kuchita zonse tsiku limodzi mudzangobwerako ndi matuza.

Tsiku lachiwiri lowerani kumwera. Khotani kaye pa Bembeke mukaone tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza, chomangidwa ndi njerwa zaka zoposa 100 zapitazo, chomwe makoma ake a m'kati ali ndi zithunzi za m'Baibulo zojambulidwa ndi nkhope za anthu akuda. Mukabwerera pa M1, pa Masasa khotani kumanzere kutsikira ku Golomoti, kenako kumanzerenso pa msewu wa M5 mpaka ku Mua. Gonani komweko.

Tsiku lachitatu kwerani mtunda womwewo kubwerera pa M1, mudutse Lizulu ndi Mlangeni mpaka ku Ntcheu, ndipo zogulagula za kumsika muchite pobwerera. Dongosololi taliika chonchi dala: ndiwo zamasamba zikatsika nanu ku Mua, kumene kumatentha, zidzafika ku Lilongwe zitafota. Kuchoka ku Ntcheu kubwerera kwanu ndi makilomita pafupifupi 160, ndiye 2 koloko ikamakwana mukhale mutatembenuka. Msewuwu usiku si wabwino chifukwa cha njinga zopanda nyale, ngolo ndi mathiraki opita kuchipata cha Mozambique.

Ponyamula katundu kumbukirani kuti mukupita ku nyengo ziwiri. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July kuzizira kwake kumalowa m'mafupa. Majuzi, masokosi ndi zipewa za ana musasiye. Ku Mua ndi kuchigwa, kotentha, kwa udzudzu, kofuna neti. Chinanso chimene ambiri sachidziwa: pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu umayenda m'malire enieni, ndiye foni imatha kudumphira pa netiweki ya ku Mozambique n'kukudyerani mayunitsi. Sankhani netiweki yanu pamanja musanafike kumeneko.

FUNSO: Tinatenga ana asukulu kupita ku Chentcherere. Tinaona timizere tofiira ndi zoyerayera pathanthwe, pamwamba pake pali maina a anthu olembedwa ndi makala. Ana anafunsa kuti chodabwitsa n'chiyani, ine n'kusowa choyankha. Kodi tinaphonya chiyani? (Mphunzitsi wa sitandade 7, Kasungu)

YANKHO: Aphunzitsi, munaphonya munthu wokuuzani chimene mukuona, ndipo mwina munafikanso nthawi yolakwika. Funso lanu tiliyankha motalikirapo chifukwa malo amenewa amanyozeka kwambiri ndi eni ake ife, pamene ali m'gulu la chuma chachikulu cha dziko lino.

Chongoni si phanga limodzi. Ndi dera lalikulu masikweya kilomita 126, lokhala ndi malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Malo amene alendo amapitako kawirikawiri ndi atatu: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Chinthu choyamba kuphunzitsa ana ndi kusiyanitsa zofiira ndi zoyera, pakuti anajambula ndi anthu osiyana, nthawi zosiyana. Zofiira ndi zakale zedi. Anajambula ndi Akafula, ena amati Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene Achewa anawapeza kuno. Utoto wake ndi wa mwala wofiira wopera. Sizikhala zithunzi za nyama kawirikawiri. Ndi mizere yondondozana, zozungulira zina m'kati mwa zinzake, zina zotuluka timizere ngati dzuwa, zina ngati makwerero. Zoyera ndi za Achewa alimi, zopaka ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti nthawi zambiri choyera chili pamwamba pa chofiira, osati chofiira pamwamba pa choyera. Awonetseni ana zimenezo, kenako muwafunse kuti anayamba ndani. Ayankha okha, ndipo aphunzira mmene akatswiri amadziwira chakale ndi chatsopano.

Zoyerazo zilinso pawiri. Pali zooneka ngati buluzi kapena ng'ona yoyang'aniridwa kuchokera pamwamba, miyendo ili tambalale, zina zili ndi madontho akuda. Izi zimagwirizana ndi chinamwali cha atsikana. Anamkungwi ankazigwiritsa ntchito polangiza, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi la eni mwambo. Ndiye pali za nyau, zooneka ngati zilombo za gule, monga kasiyamaliro. Za mtundu umenewu zimaoneka bwino ku Namzeze, kumene kumafuna kuyenda pansi chokwera phiri. Ku Mphunzi, chakumadzulo kwa M1, ndi kumene mungaonere mitundu yonse pafupipafupi, ndipo kwa ana asukulu ife timakonda kumeneko. Chentcherere ubwino wake ndi kufupika ndi boma, kudzera msewu wafumbi wopita ku koleji ya zankhalango, koma kufupika komweko ndi kumene kwachititsa kuti aonongeke kwambiri.

Pokonzekera ulendo wina chitani izi. Lumikizanani ndi nthambi ya boma yoona za malo osungira zakale ndi zipilala kuti akupatseni wolondolera, kapena funsani kwa a mfumu a mudzi woyandikana nawo, ndipo mugwirizane za malipiro musanayambe kuyenda. Fikani pakati pa 7 ndi 9 koloko m'mawa. Dzuwa la masana limachititsa thanthwe kunyezimira ndipo zofiira zimazimirira m'maso. Mukalowa pamthunzi wa phanga, auzeni ana akhale pansi chete mphindi zisanu. Maso akazolowera, zinthu zimene simunazione poyamba zimayamba kutuluka. Lowetsani ana khumi pa nthawi imodzi, chifukwa kalasi yonse ikaunjikana imautsa fumbi lomwe limakamatira pamwala. Nthawi ya mvula msewu wa ku Mphunzi umaterera ndipo galimoto yotsika imakhula pansi, choncho miyezi yabwino ndi kuyambira May mpaka October.

Zoononga zazikulu ndi zinayi, ndipo chimodzi mwa izo anthu amachichita ndi mtima wabwino: kuwaza madzi pathanthwe kuti chithunzi chioneke bwino pa foni. Madzi amasungunula dothi loyera, ndipo akauma amasiya mchere umene umatekesa utoto. Zina ndi kugwira ndi manja, popeza thukuta lili ndi mafuta, kukoleza moto m'phanga, ndi kulemba maina. Maina amene munawaonawo musayese kuwafufuta nokha. Pokhula makala mumachotsa ndi utoto wa pansi pake.

FUNSO: Potsika ku Golomoti mabuleki anayamba kununkha ngati chinthu chopserera, kenako phazi linkangolowa mpaka pansi. Mwamwayi tinaima. Galimoto ndi ya otomatiki ndipo inali itangochoka ku sevisi. Chinalakwika n'chiyani? (Mayi wa ku Namiwawa, Blantyre)

YANKHO: Mayi, thokozani Mulungu kuti munaima. Chimene chinachitika n'chakuti mabuleki anatentha mopitirira muyeso. Kuchoka pa Masasa kufika ku Golomoti mumatsika mamita pafupifupi 1,000 m'makona otsatizana, malo amene anthu amawatcha Khwekhwerere. Mukatsika phazi lili pa buleki njira yonse, mapadi amapsa, ndiwo fungo munamvalo, ndipo kutenthako kumafika ku mafuta a mabuleki. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230, koma amayamwa chinyezi akamakalamba, ndipo akale amatha kuwira pa madigiri 155 okha. Akawira m'mapaipi mumakhala nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, n'chifukwa chake phazi limalowa osagwira kanthu. Sevisi yamasiku onse imasintha oyilo wa injini ndi mafyuluta. Mafuta a mabuleki sakhudzidwa pokhapokha mutanena. Asinthitseni zaka ziwiri zilizonse, ndipo makaniko ayeze mapadi. Akatsala mamilimita atatu, musapite nawo kuphiri.

Potsika, injini ndiyo igwire galimoto. Ya giya yapamanja ikani 2, pena 3 pamene paongoka. Ya otomatiki ichotseni pa D muike pa 2 kapena L musanayambe mtsetse, osati muli kale pakati. Injini idzalira kwambiri, musaope, ndiyo ntchito yake. Buleki pondani mwamphamvu kanthawi kochepa musanalowe pa kona, liwiro litsike, n'kuchotsa phazi kuti mapadi apume. Kutsika pa nyutulo pofuna kusunga mafuta ndi kumene kwapha anthu ambiri m'mitsetse.

Mukamva fungo, imani pamalo otakasuka pamene akumbuyo akukuonani patali, ikani mathirayango, tsekerani tayala ndi mwala, mudikire mphindi 30. Musathire madzi pa madisiki otentha chifukwa amapindika, ndipo pambuyo pake chiwongolero chimanjenjemera mukaponda buleki.

Pokwera vuto limasamukira ku injini. Zimitsani eyakoni, yang'anani muvi wa kutentha, ndipo ukayandikira pofiira imani. Chitsekero cha rediyeta musatsegule injini ikadali yamoto, madzi ake amathovoka n'kuwaula nkhope. Nyamulani malita asanu a madzi apadera. Kukachita chifunga, chomwe chimachitika kwambiri m'mawa nthawi yozizira, yatsani nyale za dimu. Mafulu amangobwerera m'maso mwanu.

Tisakuopsezeni mpaka kuusiya msewuwu, chifukwa ndi umodzi mwa okongola kwambiri m'Malawi. Kukakhala kowala nyanja imaoneka patali. M'mphepete mwake muli amisiri osema tigalimoto, njinga, ndege ndi mathirakitala amatabwa, zitseko zake zotseguka ndi matayala ozungulira. Kuima pamenepo mphindi 20 kumapumitsa mabuleki, ana n'kupezapo chidole chopangidwa ndi manja.

FUNSO: Ku Mua kuli chiyani choti munthu n'kugonerako? Ndiponso chosema chimene ndinagula pamsewu chaka chatha chinang'ambika patangotha mwezi. Ndingadziwe bwanji chabwino? (Wowerenga wa ku Zomba)

YANKHO: Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, m'dera la Inkosi Kachindamoto. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene Achewa anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa Kungoni Centre of Culture and Art, poyamba ngati malo ophunzitsira osema. Lero chokoka anthu kwambiri ndi nyumba ya Chamare, dzina lochokera kwa mmishonale wina wakale, Champmartin, monga anthu a kumeneko ankalitchulira.

Nyumbayi ili ndi zipinda zitatu. Choyamba chimafotokoza mbiri ya mishoni ndi kukumana kwa Chikhristu ndi miyambo ya makolo. Chachiwiri ndi cha Achewa, ndipo muli nkhope za zilombo za gule wamkulu zoposa 400, zambiri zokolekedwa pa chimtengo pakati pa chipinda. Chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao. Makoma a kunja ali ndi zithunzi zofotokoza mbiri ya dziko lino, kuyambira nthano ya chilengedwe ya pa Kaphirintiwa. Yambani ndi zimenezo musanalowe. Tengani wolondolera wa pamalopo ndipo mupatule maola osachepera awiri. Munthu wothamanga amangoona nkhope zoopsa, pamene chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake ndi mwambo umene chimaphunzitsa: china chimadzudzula ulesi, china chiwerewere, china umbombo wa atsogoleri. Za kujambula funsani kaye musanatulutse foni, makamaka m'chipinda cha gule. Pali mabanja ena amene mwambo kapena mpingo wawo sulola ana kuona zimenezi, ndiye kambiranani musanafike pakhomo.

Chogonerako n'chakuti madzulo kukazizira mumatha kuyendera tchalitchi, malo ogulitsira zosema, osema ali pantchito, ndi mtsinje umene uli m'munsi mwa mishoni. Chaka chilichonse cha mu August pamakhalanso chikondwerero cha magule. Malo ogona ndi ochepa, sungitsiranitu.

Tsono za chosema chanu. Chinang'ambika chifukwa anasema mtengo wauwisi. Mtengo umauma kuyambira kunja, kunjako kumafota m'kati mukadali chinyezi, ndiye umasweka motsatira mitsempha yake. Pogula, chinyamuleni: chauwisi chimazizira m'manja ndipo chimamveka fungo la utomoni. Tembenuzani muone pansi pake pamene sanapake polishi. Timing'alu totuluka pakati ngati nyenyezi tidzakula. Tizibowo totuluka fumbi ngati ufa ndiye kuti mtengowo wafumbwa, ndipo udzapatsira mipando yanu. Akakuuzani kuti ndi phingo, kumbukirani kuti phingo weniweni ndi wolemera kwambiri ndipo nthawi zambiri amakhala ndi kachigawo koyera ka kunja kwa mtengo. Pukutani ndi kansalu koyera; kakada bii, ndi mtengo wamba wopaka polishi wa nsapato. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yabwino payokha, palibe chifukwa choidetsera. Kunyumba musachiike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, ndipo muzichipaka polishi wopanda mtundu kawiri pachaka. Wosema mumufunse dzina, ndipo ngati angathe alilembe pansi pa chosemacho.

FUNSO: Tikakumana ndi gule pamsewu wafumbi tichite chiyani? Mwana wanga amafuna kujambula. (Naphiri, Mzuzu)

YANKHO: Naphiri, ku Dedza zimenezi n'zosadabwitsa, makamaka kuyambira July mpaka mvula itayandikira, nthawi ya zinamwali, ziliza ndi kulonga mafumu. Chepetsani liwiro, patukani, ndipo ngati njira yadzaza imani mpaka adutse. Hutala ayi. Ngati mukufuna kusupa, ndalama imaponyedwa pansi kapena kupatsidwa kwa amene akuperekeza. Siperekedwa m'manja mwa chilombo. Ana muwauziretu kuti asaloze chala, asaseke, ndiponso asanene kuti ndi munthu. Kwa eni mwambo chimenecho ndi chilombo chochokera kwa mizimu, ndipo mawu otero ndi chipongwe chachikulu.

Kujambula mobisa pawindo ndiko kumabweretsa mikangano yambiri. Pemphani kwa operekeza, akakana zithere pomwepo. Malo abwino oonera ndi pabwalo, mutadziwitsa a mfumu, ndipo atsabwalo adzakuonetsani pokhala. Kumeneko mudzamva bwino ng'oma ya mbalule ikulankhulana ndi mapazi a wovina, amayi akuyankha nyimbo. Kudambwe ndi kumanda osayandikirako, ngakhale mutaona kanjira kabwino kopita kumsitu. Gule wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, koma kumudzi amene amalamula ndi mfumu ya mzinda, kutanthauza mfumu yokhala ndi chilolezo cha gule.

FUNSO: Makapu a ku Dedza Pottery amalowa mu uvuni osasweka, koma mphika wadothi umene ndinagula kumsika unang'aluka tsiku loyamba. Chifukwa chiyani, poti zonse ndi dothi? (Mayi wa ku Kawale)

YANKHO: Kusiyana kuli pa moto. Ku Dedza Pottery, komwe kunayamba mu 1987, chiwiya chimaumbidwa, kuumitsidwa, n'kuotchedwa koyamba pa madigiri pafupifupi 1,000. Kenako amachijambula, kuchiviika mu mankhwala onyezimiritsa, n'kuchiotchanso pa madigiri oposa 1,200, mpaka dothi limagwirana ngati mwala ndipo silimwa madzi. Pemphani kuti akuonetseni kumene amaumbira ndi kumene amajambulira. Ana amasangalala kuona dongo likukwera pa gudumu. Keke yawo ya tchizi ndi yotchuka, ilaweni.

Mphika wa kumudzi amauotcha pamoto wa nkhuni ndi makungwa, wosafika kutentha kumeneko, ndiye umakhala ndi timipata tosaoneka. Timipatato ndi timene timaziziritsa madzi a mumtsuko, koma mphika wophikira umafuna kuutsirika kaye. Pogula ugogodeni ndi chala: wabwino umalira ngati belu, wong'aluka umangoti phu. Kunyumba uikeni pamoto wochepa wa makala, muphikemo phala la gaga lamadzimadzi, mulipake m'kati monse, lizizire momwemo usiku wonse. Mukatero musauike pamoto waukulu uli wopanda kanthu, ndipo ukatentha musathiremo madzi ozizira.

FUNSO: Kachewere amene ndimagula pa Lizulu kapena pa Tsangano amaola sabata isanathe, ndipo pansi pa ndowa ndimapeza ting'onoting'ono. Ndiponso n'chiyani china choyenera kulawa kumeneko? (Mwini lesitilanti, Balaka)

YANKHO: Achimwene, kuola kumayambira pogula. Tengani mbatata imodzi muikhule ndi chala chachikulu. Khungu likasupuka, anakumba isanakhwime, ndipo siikhalitsa. Imeneyo ndi yophika lero ndi mawa. Yokhwima khungu lake limakana. Yotsukatsuka yooneka bwino isiyeni, tengani ya dothi lake louma, chifukwa madzi amalowetsa matenda m'mabala a khasu. Nthawi ya dzinja pemphani adule imodzi: mawanga ofiirira olowa m'kati ndi chiwawu, ndipo thumba lotero limaola lonse. Yobiriwira khungu inaombedwa ndi dzuwa, imawawa ndipo ili ndi poizoni, musaphikire anthu.

Za ndowa, mankhwala ake ndi amodzi: gwirizanani mtengo, kenako akhuthulire m'thumba lanu inu mukuona, pang'onopang'ono. Yang'ananinso pansi pa ndowayo ngati sanaiphwanyire m'kati. Ogulitsa ambiri ndi anthu achilungamo amene amafuna kasitomala wobwereza, ndiye mukapeza mayi wokupimirani bwino, tengani nambala yake, ndipo basela adzabwera yekha. Kugulira pawindo la galimoto, anthu khumi akukuunjikirani, ndiko kumagulitsa zoola. Imikani galimoto kunja kwa msewu, tsikani, lowani m'kati mwa msika.

M'galimoto musatsekere kachewere m'pulasitiki, amachita thukuta. Mukafika mukhuthuleni, chotsani zobala, muyale pamalo amdima podutsa mphepo, kutali ndi anyezi. Pa tchipisi funsani mtundu. Violet ndi Rosita ndi ena mwa odziwika kumeneko, ndipo ogulitsa amadziwa umene sumwa mafuta ambiri. Tomato gulani woyezuka ngati ulendo ndi wautali, mumuike pamwamba pa katundu, ndipo mukamutsuke bwino chifukwa zoyerayera za pakhungu lake ndi mankhwala opopera. Kabichi wabwino amalemera kuposa maonekedwe ake. Nyemba, nsawawa ndi karoti za kuno n'zabwino, ndipo chakumapeto kwa chaka kumabwera mapichesi ndi masuku. Bowa wa dzinja gulani mtundu umene mukuudziwa, monga utale kapena manyame, kwa munthu wamkulu woudziwa, ndipo musasakanize mitundu mumphika umodzi.

Pa Lizulu kumbukirani kuti tsidya lina la msewu ndi Mozambique. Anthu amaoloka pogula ndi kugulitsa, koma galimoto yanu isalowe mkati. Zipata zovomerezeka zili pa Dedza ndi pa Biriwiri.

Zolawa: tchipisi cha pachiwaya ndi nyama ya mbuzi, chothira kabichi, tomato ndi tsabola wa kambuzi. Sankhani chiwaya chimene pali anthu ambiri, mafuta ake osada, ndipo nyama aikazinge inu mukuona. Ya nkhumba ipse mpaka m'kati, ndipo mukaona timatuza toyera ngati mpunga m'minofu, isiyeni, ndi timphutsi ta njoka za m'mimba. Pa boma la Ntcheu funsani malo ophika nsima ya mgaiwa ndi nkhuku yachikuda, nyemba, kapena nkhwani wotendera. Thobwa wa mawere gulani wa m'botolo lotsekedwa, wophikidwa tsiku lomwelo kapena dzulo lake.

FUNSO: Ndine Mchewa koma ndimafuna kukaonera Umhlangano. Kodi amalola aliyense? (Mnyamata wa ku Mitundu)

YANKHO: Amalola, ndipo mudzalandiridwa. Umhlangano, mwambo wa chikhalidwe cha Angoni a kwa Maseko, umachitikira pa Nkolimbo, kufupi ndi boma la Ntcheu, chakumayambiriro kwa September, motsogozedwa ndi Inkosi ya Makosi Gomani V. Tsiku lenileni limalengezedwa pa wailesi. Malowa ali ndi chifukwa chake: pamenepo pali manda a Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, amene anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896. Mwana wake, Philip Gomani II, ndi amene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 mpaka boma la atsamunda linamuchotsa pampando. Mukadziwa mbiri imeneyi, nyimbo za tsikulo zimamveka mosiyana.

M'bandakucha kumakhala mwambo wa kukhwisula, kupereka nsembe kwa makolo, ndipo umenewo ndi wa akuluakulu. Mlendo amaonera patali pokhapokha ataitanidwa. Dzuwa likakwera kumayamba magule. Ngoma ndi ya amuna onyamula zishango ndi zibonga, nyoni kumutu, ndipo chimene chimagwira mtima ndi kugunda kwa mapazi onse pamodzi mpaka nthaka kunjenjemera, amayi akuyimba ndi kululutira m'mbali. Muonenso msindo wa amayi ndi uyeni wa atsikana. Tcherani khutu ku mawu a nyimbo ndi zitamando za mfumu, pakuti m'menemo ndi mmene Chingoni chatsalira, poti tsiku ndi tsiku anthu a ku Ntcheu amalankhula Chichewa.

Inkosi ikamafika, vulani chipewa, imani pamene ena aima, ndipo anthu akamati "Bayethe!" yankhani nawo. Zovala za Chingoni zimagulitsidwa pamalopo ndipo mukhoza kuvala nyoni kapena mikanda, koma chikopa cha kambuku ndi cha mafumu. Nyama ndi mowa wamasese zimakhalapo zambiri, choncho gwirizanani m'mawa amene adzayendetse galimoto pobwerera, ndipo ameneyo akhale wa thobwa. Fikani isanakwane 8 koloko, muimike galimoto moyang'ana kotulukira, chifukwa madzulo msewu wolowera pa M1 umadzaza. Malo ogona pa boma la Ntcheu amatha msanga sabata imeneyo. Mukachedwa kusungitsa, funani ku Dedza kapena ku Balaka.